Indiana inali ndi ndandanda wofewa kapena tikungoyidelera?

Mayi_Hoosier:
Moni nonse abale. Ndakhala chete kuyambira Lolemba lija la pa 20 January 2025 pomwe Ohio State inanyamula chikho cha mpira wa ku America (American football) wa mayunivesite ku Atlanta, ndimati mtima utsike kaye ndisayankhule ndi mkwiyo koma ayi ndithu zikundidyabe. Kuntchito, kutchalitchi, ngakhale pagulu pompano anthu akungoyimba nyimbo imodzimodzi yoti Indiana inalowa mu playoff, mpikisano wa matimu 12 olimbirana chikho cha dziko lonse, chifukwa ndandanda wake unali wofewa, ati sinakumane ndi timu yeniyeni. Timu yoti mu 2023 inawina magemu atatu okha, kubwera kochi Curt Cignetti kuchokera ku James Madison nkuwina 11 mwa 12 mu 2024, chinthu choti sichinachitikepo chiyambire mpira pa sukulu imeneyi, inu nkumati ndi mwayi basi? Mwana wanga waphunzira pa yunivesite ya Indiana ku Bloomington zaka zinayi, magemu ambiri tinkapita bwalo lili ndi mipando yopanda anthu mbali yonse, ena kutuluka pa half time. Sizoni ino ndaona ndi maso angawa bwalo litadzaza mpaka kusowa poponda. Ndiye ndikufuna tikambirane bwinobwino gemu ndi gemu osati kumangoponyerana mawu.

Buckeye_Columbus:
Amayi zomwe wachita Cignetti palibe angazikane, ine ndimamupatsa ulemu wake. Koma mwati gemu ndi gemu ndiye tiyeni. Tonse, ife a Ohio State ndi inu a Indiana, tili mu ligi ya Big Ten, tonse tinasewera magemu 9 a mu conference, kutanthauza a mu ligi momwemo. Asanu tinakumana ndi matimu amodzimodzi: Michigan State, Northwestern, Nebraska, Purdue ndi Michigan. Imodzi tinasewera tokhatokha. Ndiye kwatsala atatu, ndipo nkhani yonse yagona pa atatu amenewa. Inu munapatsidwa UCLA, Maryland ndi Washington. Ife tinapatsidwa Iowa, Oregon ndi Penn State, ndipo Oregon ndi Penn State yo tinachita kuwatsatira kwawo. UCLA inamaliza 5-7, Maryland 4-8, Washington 6-6. Iowa 8-4, Penn State 11-1, Oregon 12-0 osagonjako olo kamodzi. Ku Eugene kwa Oregon tinaluza ndi pointi imodzi yokha 32-31, nthawi inatithera quarterback wathu (woponya mpira) Will Howard atatsetsereka ndi mpira pansi. Ku Penn State tinakawina 20-13 pamaso pa anthu opitilira 100,000. Pamapeto pa tebulo la Big Ten inu muli 8-1 ife 7-2, munthu wongoona tebulo aziti Indiana ili pamwamba pa Ohio State. Koma katundu amene tinasenza sanali wofanana amayi.

Mnyamata_Area25:
Akuluakulu dikirani kaye ine mwandisiya kumbuyo. Mpira uwu ndayamba kuutsata chaka chathachi pa YouTube ndiye zina sindinazimvetse. Mukuti muli mu ligi imodzi koma Indiana sinasewere ndi Oregon kapena Penn State?? Zimatheka bwanji? Kuno Bullets singamalize sizoni osakumana ndi Wanderers ndi Silver, aliyense amakumana ndi aliyense kawiri, pakhomo ndi koyenda, tebulo likatuluka palibe wodandaula kuti mnzanga anali ndi fixture yophweka.

Malume_SouthBend:
Mphwanga wafunsa funso lenileni, ndipo vuto lonse lili pamenepo. Mpira uwu ndi wogundana thupi, sungasewere Lachitatu ndi Loweruka ngati mpira wathu wamiyendo, mnyamata akasewera Loweruka thupi limafuna sabata yathunthu. Ndiye sizoni ndi magemu 12 basi, kuyambira kumapeto kwa August kufika kumapeto kwa November. Tsopano Big Ten dzina lake likunena khumi koma muli matimu 18, chifukwa mu 2024 munalowa USC, UCLA, Oregon ndi Washington kuchokera ku ligi ya Pac-12 yomwe inaphwasuka, zonsezi nkhani ya ndalama za TV. Ukakhala mu ligi ya matimu 18 adani ako ndi 17, iwe uli ndi malo a magemu 9 okha, ndiye matimu 8 sukumana nawo chaka chimenecho. Pafupifupi theka la ligi. SEC, ligi ina yaikulu, nayo chimodzimodzi, kulowa kwa Texas ndi Oklahoma kunapangitsa akhale 16, iwo mu 2024 anasewera 8 a mu conference, matimu 7 osawaona. Kale ankagawa pawiri, East ndi West, ndiye a mbali imodzi ankakumana onse chaka chilichonse, kufananitsa kunali kosavutirapo. Mu 2024 magawo aja anawachotsa konsekonse, tebulo ndi limodzi lalitali koma aliyense wayenda njira yakeyake. Zili ngati ana a kalasi imodzi alemba mayeso osiyana kenako aphunzitsi nkuwayika pa nambala kutengera malikisi.

Mnyamata_Area25:
Eeh ndiye zovuta malume. Ndiye kuti tebulo lokha silingakuuze yemwe ali bwino.

Mayi_Hoosier:
Silingakuuze mwana wanga, nchifukwa chake ine ndimati tiyang'ane pomwe tinalemba mayeso ofanana. Achimwene a ku Columbus mwatchula matimu asanu aja koma zigoli simunatchule, ndikuthandizeni. Michigan State: ife 47-10 inu 38-7. Purdue: ife 66-0 inu 45-0. Northwestern ife 41-24 inu 31-7, pamenepo ndikuvomera munaposa. Nebraska tinayikwapula 56-7, patangotha sabata imodzi Nebraska yomweyo inabwera ku Columbus nkukuvutani mpaka kota yomaliza, munapulumuka ndi 21-17 masapota anu atagwira m'mutu. Nanga Michigan? Ife tinayigonjetsa 20-15 pa 9 November. Inu pa 30 November pakhomo panu penipeni, aliyense akuti muwina ndi mapointi pafupifupi 20, munagonja 13-10, kachinayi motsatizana, mpaka ndewu pakati pa bwalo chifukwa cha mbendera apolisi kuponya tsabola m'maso. Ndiye pa matimu asanu ofananawo ife tinawina onse inu munawina anayi. Timu yofooka yongonyamulidwa ndi ndandanda siimenya anzake a mu ligi ndi mapointi 30, 40, 60 sabata ndi sabata. Ukapatsidwa ofooka chomwe ungachite ndi kuwatibula koopsa ndipo tinachitadi zimenezo. Ndandanda wa mu conference sitinalembe ndife, unachokera ku ofesi ya Big Ten Cignetti asanabwere nkomwe, nthawi imeneyo Michigan ndi Washington anali matimu oopsa, ndi omwe anasewera fainolo ya dziko lonse mu January 2024. Munthu aliyense atauona ndandanda umenewu koyamba sananene kuti ndi wofewa. Wafewa chifukwa makochi awo anachoka, Harbaugh kupita ku NFL DeBoer kupita ku Alabama, osewera nkubalalika.

Buckeye_Columbus:
Ya Michigan ija musandikumbutse amayi, ngakhale chikho tili nacho bala limenelo silinapole, ndipo mfundo ya Washington ndi Michigan ndaimva ndi yoona. Koma pali gemu imodzi simunayitchule, ya pa 23 November. Ndinalipo pa bwalo tsiku limenelo. Munayamba bwino ndithu, touchdown (chigoli) yoyamba inali yanu 7-0 ife tinazizidwa. Kenako chinachitika nchani? Wokankha punt (mpira womenya ndi phazi kupatsa adani) wanu mpira unamupulumuka m'manja pafupi ndi golo lanu, Caleb Downs anabweza punt mayadi 79 mpaka kukagoletsa, ndipo quarterback wanu Kurtis Rourke sanapume, anyamata athu a kutsogolo ankamufika asanayang'ane nkomwe woti amuponyere. 38-15. Chomwe ndinaona ine nchoti mzere wanu wotchinga quarterback unali usanakumanepo ndi anthu a msinkhu umenewo sizoni yonse, phokoso la ku Columbus lokha linawasokoneza. Ndandanda wofewa umabisa matenda, timu imafika November isakudziwa pomwe ikudwala. Ife matenda athu tinawadziwa October ku Oregon, difensi inakonzedwa, titakumananso nawo ku Rose Bowl tinawamenya 41-21.

Mayi_Hoosier:
Tinagonja inde, sindikutsutsa, ndipo pa mzere wotchingawo mukunena zoona. Koma pali chinthu chimodzi chomwe chimandipweteka kuposa zonse ndipo palibe amachitchula. Kuyambira 2014 mpaka 2023 Indiana inali mu East. Chaka chilichonse Ohio State, Michigan, Penn State, kuphatikiza Michigan State nthawi yomwe inali yamphamvu. Chaka chilichonse abale, zaka khumi. Sizoni isanayambe umadziwiratu kuti magemu atatu apita kale. Nthawi yomweyo a ku West monga Iowa, Wisconsin, Northwestern ankafika ku fainolo ya Big Ten atakumana ndi mmodzi kapena awiri mwa akuluakuluwa, Iowa mu 2023 inafika ku Indianapolis kuno nkudyetsedwa 26-0 ndi Michigan. Zaka zonsezo ndani anabwera kudzatipepesa kuti aa Indiana musadandaule ndandanda wanu ndi wolemera? Palibe. Ankangoti Indiana ndi sukulu ya basketball. Lero chaka chimodzi chokha mphepo yaombera kwathu ndiye dziko lonse ladziwa kuwerengera ndandanda.

Mlongo_waAtlanta:
Asisi ndikukumvani ndipo zimenezo nzowawa zedi. Koma a Big Ten mundilole ndilowetse zathu za ku SEC chifukwa kuno kusiyana kwake kunali kochititsa manyazi. Georgia sizoni ino inapita ku Tuscaloosa kwa Alabama, inapita ku Austin kwa Texas, inapita ku Oxford kwa Ole Miss, konseko koyenda, kenako Tennessee pakhomo. Tinatsegula sizoni ndi Clemson 34-3, yomwe inadzatenga ACC, tinatseka ndi Georgia Tech gemu yopita ma overtime 8 mpaka 44-42 anyamata atatheratu. Tinagonja kawiri, 41-34 kwa Alabama titabweza kale ngongole ya 28-0, ndi 28-10 kwa Ole Miss. Tsopano onani Texas, mlendo wongofika kumene. Mississippi State, Oklahoma, Georgia, Vanderbilt, Florida, Arkansas, Kentucky, Texas A&M. Alabama sanayione. Tennessee ayi. Ole Miss ayi, LSU ayi, South Carolina ayi, Missouri ayi. Mwa matimu onse a pamwamba pa SEC anakumana ndi ife tokha ndipo tinawamenya 30-15 pakhomo pawo usiku, masapota awo mpaka kuponya mabotolo m'bwalo. Koma pa tebulo Texas 7-1 nambala wani, Georgia 6-2. Mukuona? Mlendo kumuyalira mphasa yatsopano mwini nyumba akugona pansi.

Longhorn_Dallas:
Achemwali mwayamba. Chabwino Georgia inatimenya kawiri, ndivomere poyera, ngakhale yachiwiri ku Atlanta inali 22-19 mu overtime ndipo inali mumzinda mwanu momwe, bwalo lodzaza zofiira. Koma musaiwale kuti sabata yachiwiri ya sizoni Texas inakwera ndege kupita ku Ann Arbor kukasewera ndi Michigan yomwe inali ndi chikho cha dziko m'manja, tinawina 31-12. Imeneyo sitinakakamizidwe ndi conference, tinayisankha tokha. Pa 30 November tinapita ku College Station, koyamba kukumana ndi A&M chichokereni 2011, wowina amapita ku fainolo ya SEC, malo ngati amenewo munthu sumva ngakhale mnzako ali pambali pako, tinawina 17-7. Ndipo ndandanda mukuuderawo uli ndi Vanderbilt yomwe inagwetsa Alabama, uli ndi Florida yomwe inagwetsa LSU ndi Ole Miss motsatizana mu November, Ole Miss yomwe inakumenyani inuyo, uli ndi Arkansas yomwe inagwetsa Tennessee. Simungamati mu SEC mulibe gemu yophweka mukamakangana ndi a Big Ten, kenako kutembenuka nkuti ya Texas inali yophweka. Sankhani chimodzi.

Mlongo_waAtlanta:
Zonse ziwiri nzoona achimwene. Mulibe yophweka koma muli zolemera kuposa zinzake. Florida munakumana nayo quarterback wawo DJ Lagway atavulala, anasewera ndi quarterback wachitatu. Ife quarterback wathu Carson Beck chigongono chinathera pa fainolo ija, tinapita ku Sugar Bowl ndi Gunner Stockton woti sanayambepo gemu. Ndandanda wolemera sikuti umangokupatsa ma loss, umakudyeranso osewera.

Malume_SouthBend:
A ku Dallas, kuti muone bwino zomwe akunena mlongo wanuyu musayang'ane Georgia, yang'anani amene munalowa naye pakhomo tsiku limodzi. Oklahoma. Onse awiri alendo, koma Oklahoma anayipatsa Tennessee, Auburn, Texas, South Carolina, Ole Miss, Missouri, Alabama ndi LSU. Werengani bwino mndandanda umenewo, matimu onse aja Texas sinawaone, onse 6 anagwera Oklahoma. Inamaliza 6-6. Sindikuti ikanakhala ndi ndandanda wa Texas ikanatenga ligi ayi, ofensi yawo inali yodwala ndipo munayimenya 34-3 ku Dallas komweko, koma mwina ikanawina 8 anthu osayamba kufunsa za ntchito ya kochi wawo Brent Venables. Nkhani ya ndandanda imathera pa ntchito za anthu. Kochi amachotsedwa, wina amakwezedwa malipiro, kusiyana kwake mwina ndi matimu atatu omwe kompyuta ya ku ofesi inamugawira.

Longhorn_Dallas:
Pa Oklahoma malume ndilibe mawu, anawapatsa mtolo wolemeradi. Ngakhale ndi adani athu ndinawamvera chisoni.

Buckeye_Columbus:
Koma a SEC inu musanadzitame kwambiri, bwanji mu 2024 munasewera 8 pomwe ife tinasewera 9? Gemu imodzi imeneyo si yaing'ono. Mu Big Ten sabata yowonjezerayo ikutanthauza kuti matimu 9 mwa 18 agonja basi, palibe kuthawa. Inu sabata imeneyo mumaitana timu yaing'ono November, Alabama inasewera ndi Mercer, Georgia ndi UMass, anyamata akupuma kukonzekera gemu yaikulu yomaliza. Ife sabata ngati imeneyo tinali pa khosi ndi Indiana yosagonja. Ndiye marekodi a matimu a pakati a SEC amaoneka onona, 8-4, 9-3, kenako mumati onani ligi yathu yonse ndi yamphamvu, ndandanda wa aliyense nkumaoneka wolemera chifukwa cha marekodi omwewo. Chimazungulira chokha.

Mlongo_waAtlanta:
UMass inde koma Clemson ndi Georgia Tech mwaziiwala? Inu a Ohio State kunja kwa conference munasewera ndi Akron, Western Michigan ndi Marshall, palibe olo imodzi ya ligi yaikulu. Indiana FIU, Western Illinois ndi Charlotte. Western Illinois 77-3, imeneyo ndi gemu kapena training? Ndiye tikawerenga matimu a ligi zazikulu Georgia inasewera 10, inu 9. Ine chomwe chinandikhudza nchoti Alabama yomwe inatimenya ife, inamenya South Carolina, inamenya Missouri 34-0, inakamenya LSU 42-13 ku Baton Rouge usiku, inatsala kunja, SMU ndi Indiana nkulowa opanda chipambano ngakhale chimodzi chofanana ndi zimenezi. Ndine wa Georgia, Alabama sindiyifunira zabwino, koma chilungamo ndinene.

Mayi_Hoosier:
Asisi Alabama ayi. Pamenepo ndiye ndikana mpaka mawa. Alabama sinatsale kunja chifukwa cha ndandanda wolemera. Inagonja kwa Vanderbilt 40-35. Inagonja kwa Oklahoma ya 6-6 ija 24-3 osagoletsa touchdown olo imodzi, kutatsala sabata imodzi sizoni ithe. Amenewo ndi matimu a msinkhu womwewo mukuti ife tinkangodya ofooka, kusiyana kwake nkoti ife ofookawo sitinawapatse mpata. Kenako Alabama yomweyo inakagonja 19-13 ku Tampa kwa Michigan, Michigan yomwe ife tinayimenya, ndipo osewera ake akuluakulu ambiri sanasewere nkomwe. Ngati kugonja katatu kulibe kanthu bola dzina lako ndi lalikulu ndiye tisiye kusewera, tizingogawa malo mu August.

Mnyamata_Area25:
Ine ndikutsatira ndithu ngakhale maina ena ndikuchita kusaka pa Google. Koma funso, matimu ang'onoang'ono mukutchulawa, Mercer, Akron, Western Illinois, amavomera bwanji kupita kukamenyedwa 77-3? Ndipo amasankha ndani, sukulu yokha?

Malume_SouthBend:
Magemu atatu kapena anayi a kunja kwa conference sukulu imakonza yokha mphwanga, nthawi zambiri zaka zingapo pasadakhale, ma contract kusainirana. Timu yaing'ono imalipidwa kuti ibwere, ndalama yake imathandiza kuyendetsa masewero onse a pa sukulu yawo chaka chonse, ndiye kwa iwo ndi malonda. Yaikuluyo imapeza gemu ya pakhomo, matikiti kugulitsa, chipambano cha pafupifupi chotsimikizika. Ndanena pafupifupi chifukwa ife a Notre Dame tinalipira Northern Illinois madola 1.4 miliyoni kuti ibwere kuno ku South Bend pa 7 September, inatenga ndalamazo nkutimenyanso 16-14. Tauni yonse inali zii ngati pamaliro, Amalawi tili kuno tinakumana mawa lake palibe amafuna kuyankhula za mpira. Pa gawo limeneli ndi pomwe ine ndimati sukulu iziyankha yokha. Za mu conference Indiana ilibe mlandu, inapatsidwa. Koma za kunjazi inali ndi Louisville pa ndandanda ndipo inayichotsa, zinachitika Cignetti asanafike koma ndi sukulu yomweyo. Ikanasewera ndi Louisville nkuwina bwenzi amayi muli ndi chowayankha anthu onsewa lero.

Mayi_Hoosier:
Ya Louisville malume mwandigwira pakamwa. Nthawi imeneyo ankangofuna kupeza ma win 6 kuti tipite ku bowl iliyonse, gemu ya pambuyo pa sizoni, palibe ankalota za playoff. Koma inde inatipweteka.

Buckeye_Columbus:
Ndipo amayi onani kuti ndandanda unakulumani kale ngakhale mu Big Ten momwemo, anthu ambiri sanazindikire. Titagonja kwa Michigan malo a ku fainolo anatseguka. Oregon 9-0 inali italowa kale. Penn State 8-1, Indiana 8-1, simunakumane, nonse munagonja kwa ife. Anasiyanitsa bwanji? Anaphatikiza marekodi a matimu onse a mu conference omwe aliyense anasewera nawo, a Penn State anapezeka olemererapo, Penn State nkupita ku Indianapolis kukagonja 45-37 kwa Oregon. Ndiye kulemera kwa ndandanda si nkhani ya masapota pa WhatsApp yokha, ili m'malamulo a ligi. Komiti ya anthu 13 yosankha matimu a playoff nayo pa 8 December inayika Ohio State ya 10-2 pa nambala 6, Indiana ya 11-1 pa nambala 8, Alabama ya 9-3 pa 11. Ine ndikaona pamenepo ndimati anayesetsa. Anati kugonja kamodzi kowonjezera tikukhululukira ngati unayenda m'minga, koma kawiri kowonjezera ayi makamaka ukagonja kwa Vanderbilt. Chomwe chinalakwika ndi ma seed (kasanjidwe ka matimu), kupatsa Boise State ndi Arizona State ma bye, mwayi wodumpha round yoyamba, pamwamba pa Texas ndi Penn State, mpaka Oregon yosagonja kukumana ndi ife mu quarter final. Oregon ndi imene inalakwiridwa kuposa wina aliyense sizoni ino.

Mayi_Hoosier:
Pamenepo tikugwirizana achimwene. Ine sindinanenepo kuti Indiana inali yabwino kuposa Ohio State, mwatenga chikho mutamenya Tennessee, Oregon, Texas ndi Notre Dame motsatizana, njira yolemera choncho palibe anayendapo. Kutiyika pansi panu zinali zoyenera. Chomwe ndikukana ndi mawu oti sitimayenera kulowa nkomwe. Malo ndi 12. Ndiuzeni matimu 12 omwe anachita zoposa ife, osati omwe mukuganiza kuti akanatimenya pa pepala, omwe anachita. Ndipo anthu amatinena ife chifukwa tinagonja round yoyamba ndi mapointi 10, nanga Tennessee ya ku SEC ya ndandanda wolemerayo inagonja ndi angati ku Columbus? 42-17. SMU 38-10 ku Penn State. Clemson 38-24 ku Austin. Onse oyenda anagonja sabata imeneyo ndipo mwa onsewo amene anagonja ndi mapointi ochepa ndi ife.

Malume_SouthBend:
Amayi ndimakulemekezani koma pa mapointi 10 amenewo ndinene zoona chifukwa ndinali m'bwalo usiku umenewo pa 20 December, kuzizira kwake zala kuchita kuuma. Jeremiyah Love anathamanga mayadi 98 kota yoyamba, ndipo kutatsala mphindi zochepa kuti ithe inali 27-3. Ma touchdown anu awiri anabwera kumapeto ife titayamba kale kuimba. Ndiye 27-17 ikuoneka yapafupi kuposa momwe inalili. Koma mbali inayo ndili nanu, Notre Dame yomweyo inakamenya Georgia 23-10 ndi Penn State 27-24, ndiye kugonja kwa ife si umboni woti timu ndi yabodza. Indiana inagonja kawiri sizoni yonse, konse koyenda, kwa matimu awiri omwe anasewera fainolo pa 20 January. Chimene sitidzachidziwa ndi momwe ikanachitira ndi matimu a pakati pa mapiri awiriwa, monga Iowa, Illinois, Ole Miss, South Carolina. Sinakumane nawo. Inakumana ndi apansi inawaphwanya, inakumana ndi apamwamba penipeni inalephera, pakati ponse pali mdima. Ine mlandu ndimaupereka kwa amene anakulitsa ma conference mpaka kufika poti matimu atatu a pamwamba pa tebulo, Oregon, Penn State ndi Indiana, sanakumane olo kamodzi mu sizoni fainolo ya Big Ten isanafike.

Mlongo_waAtlanta:
Apo malume mwanena. Ine ndingakonde SEC ipite pa 9 ndipo aliyense akakamizidwe kusewera ndi timu imodzi ya ligi yaikulu kunja, koma komiti iyambe yaonetsa kuti 9-3 ya m'minga ikuwerengedwa, apo ayi palibe kochi angavomere kudziwonjezera mavuto.

Longhorn_Dallas:
Ife sitikudikira komiti. Pa 30 August 2025 Texas ikutsegula sizoni ku Columbus komweko, quarterback Arch Manning akuyamba. Ya semi fainolo ndi Ohio State ku Cotton Bowl ija imandibwererabe m'tulo, tili pa yadi imodzi kuti tifananitse mphambu, kenako Jack Sawyer kulanda mpira kwa quarterback wathu Ewers nkuthamanga mayadi 83, 28-14 basi zonse kuthera pomwepo. Ndiye achemwali a ku Atlanta chaka chino musadzanenenso kuti tayalidwa mphasa, tikubweranso kwanu ku Athens mu November.

Mlongo_waAtlanta:
Bwerani achimwene tidzakulandirani, nsima ndidzaphika ndine koma pa bwalo tisadzadziwane.

Mayi_Hoosier:
Ifenso wa 2025 ndauona kale. Tikupita ku Iowa, tikupita ku Oregon mu October, tikupita ku Penn State mu November, Illinois ikubwera kwathu. Matimu onse mwakhala mukunena kuti tinawazemba aja ali pamenepo, atatu koyenda. Ohio State ndi Michigan ndiye palibe chaka chino pokhapokha tikakumane ku Indianapolis mu December. Rourke wamaliza koma tatenga Fernando Mendoza kuchokera ku Cal. Ine matikiti a sizoni ndikugula, ndipo ya ku Penn State ndikufuna ndidzapite ndekha pa galimoto ngati ntchito idzalole.

Mnyamata_Area25:
Akulu a ku Columbus ya pa 30 August yo mudzandiuze nthawi ikadziwika. Zoyamba masana kwanuko kuno zimakhala madzulo ndimaonera bwinobwino, koma ija ya ku Oregon inayamba cha m'ma 1:30 usiku ndinagona kota yachitatu bundle nayo itatha.

Buckeye_Columbus:
Ndidzakuuza mphwanga, nthawi amalengeza TV ikasankha. A ku Dallas mukabwera musakafune hotela, sabata imeneyo mitengo imakwera moopsa, kunyumba kuli chipinda. Malume inunso ndi maola anayi ndi theka okha pa galimoto, mutengane ndi amayi ku Indianapolis mudzaonere limodzi. Ufa ndili nawo, inu mudzangobwera ndi usipa ngati wina wachokera kumudzi.